Misozi ya Demeter

M'chaka cha 1777 mphunzitsi wina wa ku Germany, dzina lake Christian Friedrich Matthaei, anapeza mumzinda wa Moscow buku lakale lolembedwa pamanja m'Chigiriki. M'kati mwake munali ndakatulo ya mizere pafupifupi 500 yotamanda Demeter, amene Agiriki akale ankampembedza ngati mulungu wamkazi wa dzinthu. Akatswiri amati inapekedwa zaka ngati 600 Kristu asanabadwe. Bukuli likadawonongeka, bwenzi ndakatuloyo itatayikiratu, pakuti palibe lina limene linaisunga.

Nthano yake ili tere. Demeter anali ndi mwana wamkazi, Persephone. Zeus, bambo wa mtsikanayo, anampereka kwa mbale wake Hades, mfumu ya dziko la akufa, mayi osauzidwa, mwini wakenso osafunsidwa. Tsiku lina namwaliyo ali kuthyola maluwa ndi anzake, nthaka inang'ambika, Hades anatulukira pagaleta, namtenga ali kulira. Masiku 9 mayi anayendayenda ndi miuni m'manja, osadya, osasamba. Atamva zoona zake anakaniza mbewu kumera, ndipo padziko panagwa njala yoopsa. Zeus, poona kuti anthu atha ndipo nsembe zileka, analamula kuti mwana abwerere. Koma asanamlole kupita, Hades anamdyetsa njere ya khangaza. Tsono chaka chilichonse Persephone ankakhala gawo limodzi kwa akufa, magawo awiri kwa amake.

Tisaganize kuti iyi inali nthano yongocheza pamoto. Ku Athens mtsikana ankakwatiwa ali ndi zaka ngati 14 kapena 15, kwa mwamuna wa zaka ngati 30, ndipo womanga nkhani anali bambo. Amayi akamva za Demeter ankamva za iwo eni. Ku Eleusis, pafupi ndi Athens, miyambo yokumbukira mayi ndi mwanayu inachitika zaka pafupifupi 1,000, mpaka inazilala cha m'ma 390, Chikristu chitakhazikika mu ufumu wa Aroma.

Nthano siikhala malo amodzi. Cha m'chaka cha 8, mlakatuli wa ku Roma, Ovid, anaifotokozanso m'Chilatini m'buku lake la Metamorphoses. Iye anati mfumu ya akufa inalasidwa ndi muvi wa Cupid, kamulungu kachikondi, ndipo anagawa chaka pakati, miyezi 6 uku, 6 uku. Chikondi chinalowa m'nthanomo, koma chinali cha mwamuna yekha. Mtsikana anali kulirabe.

M'masiku athu ano nthanoyi yatembenuzidwa. Mu 2018 Rachel Smythe wa ku New Zealand anayamba kufalitsa pa intaneti nkhani yazithunzi yotchedwa Lore Olympus, imene anaimaliza mu 2024. Mu 2019 Scarlett St. Clair wa ku America anatulutsa buku la A Touch of Darkness, mmene Persephone ali mtsikana wophunzira utolankhani mumzinda wamakono, Hades ali mpondamatiki wokhala ndi nyumba ya juga. M'mabuku otere Hades si wakuba ayi, koma mwamuna wosungulumwa amene anthu samumvetsa. Persephone amadzisankhira yekha. Ndipo Demeter wasanduka mayi wovuta, wotsekera mwana m'nyumba.

Tiyenera kunena mwachilungamo. Olemba atsopanowa ampatsa mtsikana mawu, chinthu chimene Zeus anammana. Kunena kuti ukwati weniweni umafuna kuvomera kwa mkazi mwini wake ndi zoona, ndipo ndi zimene ansembe amafunsa paguwa asanadalitse ukwati. Komabe tikayerekeza nthano yakale ndi yatsopano, tikuona kuti mlandu wasamuka. Kale olakwa anali amuna awiri amene anapangana za mwana kumbali, ndipo amene anawatsutsa, mpaka kugwedeza mfumu ya milungu, anali mayi. Lero amuna aja atsukidwa, ndipo mayi yekhayo amene analira ndiye wasenza mlandu. Mwamuna wamphamvu, wachuma ndi woopsa wavekedwa chovala cha bwenzi lokoma. Makolo athu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Funso la mmene tingawerengere nthano za Agiriki si lachilendo. Basil Woyera, episkopi wa ku Caesarea amene anamwalira mu 379, analembera anyamata malangizo pa nkhani yomweyi. Sanawaletse mabukuwo, koma anawapatsa chitsanzo cha njuchi, imene imatenga pa duwa chokhacho chopangira uchi, n'kusiya zotsalazo.

Tsono mwana wathu akabwera ndi buku lotere, kapena tikampeza ali kuliwerenga pafoni, kumlanda sikungathandize kwenikweni. Tikhale naye pansi, timfotokozere nthano yakale ija monga inaliri, kenaka timfunse: kodi mayi woyenda masiku 9 osadya pofuna mwana wake anali mdani? Kodi njere ya khangaza inali mphatso, kapena msampha? Mayankho ake angatiphunzitse ifenso, pakuti ena mwa ife timafanana ndi Demeter pa kulira, koma pa kumanga nkhani za ana athu osawafunsa timafanana ndi Zeus.