Timizere Takuda m'Kuwala kwa Dzuwa

M'chaka cha 1814, Joseph Fraunhofer, mmisiri wa magalasi wa ku Bavaria, anapyoletsa kuwala kwa dzuwa pa galasi la ngodya zitatu lotchedwa prizimu. Kuwalako kunagawika m'mitundu ya utawaleza, koma pakati pa mitunduyo panali timizere takuda toposa 500. Mmisiriyu anatijambula mosamala, ndipo anamwalira mu 1826 asanadziwe tanthauzo lake.

Mu 1859, ku Heidelberg, Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen anaonetsa kuti elementi iliyonse ikatenthedwa imatulutsa mizere yakeyake, monga chidindo cha chala. Mchere ukawazidwa pamoto, lawi limasanduka lachikasu kaamba ka sodiyamu. Mpweya wozizirirapo wa kunja kwa dzuwa umameza mitundu yomweyo ya kuwala, ndipo pomezedwapo ndi pamene pamatsala timizere takuda. Motero anthu anayamba kudziwa zimene zili m'dzuwa osapondako phazi. Heliyamu anaoneka m'kuwala kwa dzuwa mu 1868, koma pansi pano William Ramsay anadzampeza mu 1895.

Funso linatsala: n'chifukwa ninji elementi imasankha mitundu ina n'kusiya ina? Johann Balmer, mphunzitsi wa ku Basel, anapeza masamu ogwirizana ndi mizere inayi ya haidirojeni mu 1885, koma gwero lake sanalilongosole. Mu 1897 J. J. Thomson anatulukira elekitironi. Mu 1911, ku Manchester, Ernest Rutherford anasonyeza kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kaphata kakang'ono, nyukiliyasi. Apa panabuka vuto lalikulu, pakuti malamulo a fizikisi a masiku amenewo ankati elekitironi yozungulira iyenera kutaya mphamvu ndi kugwera m'phatamo. Zikadatero, palibe mwala, madzi kapena munthu akadakhalapo.

Amene anamasula mfundoyi ndi Niels Bohr wa ku Denmark, mu 1913. Iye anati elekitironi imakhala pa makwerero oikika a mphamvu, osati pakati pake. Ikatsika kuchoka pa khwerero lapamwamba, imatulutsa kuwala kwa mphamvu yofanana ndi kusiyana kwa makwerero awiriwo; ikameza kuwala kotereku, imakwera. Mzere wofiira wa haidirojeni, wa mananomita 656, umabadwa elekitironi ikatsika kuchoka pa khwerero lachitatu kufika lachiwiri. Masamu a Balmer anapeza mwini.

Chithunzi cha Bohr chinalephera pa maatomu a maelekitironi ambiri, ndipo mu 1925 ndi 1926 Werner Heisenberg ndi Erwin Schrödinger anabweretsa masamu ozama koposa. Komabe mfundo ya makwerero inakhazikika. Wophunzira wokonzekera mayeso a fizikisi akaigwiritsa, sadzavutika kusiyanitsa mizere yowala ndi yakuda: yowala ndi elekitironi yotsika, yakuda ndi elekitironi yokwera. Kuchokera kwa Fraunhofer kufika kwa Bohr panadutsa zaka 99.