Matayala a makina othirira ozungulira: opopa ndi osapopa

Makina othirira ozungulira, amene alimi ambiri amangowatchula kuti pivoti, ndi paipi yaitali yonyamulidwa ndi nsanja zachitsulo zoyenda pa matayala. Mbali imodzi ya paipiyo imamangidwa pakati pa munda pomwe madzi amalowera, ndipo mbali inayo imazungulira pang'onopang'ono uku ikuwaza madzi pa mbewu. Matayala a nsanjazi alipo a mitundu iwiri ikuluikulu: opopa mpweya ndi osapopa. Kusankha pakati pa mitundu iwiriyi kumakhudza ndalama za mlimi, moyo wa makina komanso nthaka ya m'munda.

Chiyambi cha makinawa

Amene anapanga pivoti yoyamba ndi Frank Zybach, mlimi wa ku Strasburg m'chigawo cha Colorado ku America, ndipo boma linamupatsa chikalata cha umwini wa lusoli mu 1952. Mu 1954 anagulitsa ufulu wopanga makinawa kwa Robert Daugherty wa kampani ya Valley Manufacturing, yomwe lero imatchedwa Valmont. Mpaka pano makampani akuluakulu opanga mapivoti ali ku Nebraska: Valmont, Lindsay, Reinke ndi T-L. Makinawa anafalikira dziko lonse, ndipo amapezekanso m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Phata m'boma la Chikwawa, ndiponso m'minda ya tirigu ya ku Mkushi ku Zambia.

Ntchito imene tayala limagwira

Pivoti yodziwika kwambiri ku America imatalika mamita pafupifupi 400 ndipo imathirira mahekitala pafupifupi 50. Imakhala ndi nsanja 7 kapena 8, iliyonse ya matayala awiri. Pa makina ambiri nsanja iliyonse ili ndi mota yaing'ono yamagetsi imene imatembenuza matayala kudzera m'magiyabokosi. Nsanja yakumapeto ndiyo imayenda mtunda wautali, pafupifupi makilomita awiri ndi theka pa kuzungulira kumodzi.

Tayala la pivoti silithamanga, koma moyo wake ndi wovuta. Limasenza chitsulo ndi paipi yodzaza madzi, limaponda nthaka yonyowa nthawi zonse, ndipo limadutsa mzere womwewo kambirimbiri pa nyengo imodzi. Likamaliza ntchito sililowa m'shedi, limangokhala padzuwa ndi pamvula chaka chonse. N'chifukwa chake matayala ambiri a pivoti amatha ndi ming'alu ya dzuwa mano ake akadali athunthu.

Matayala opopa

Awa ndi matayala a labala ofanana ndi a thalakitala, ndipo ndiwo afala kwambiri. Masaizi odziwika ndi 11.2-24, 14.9-24 ndi 11.2-38, ndipo alimi ena amagwiritsa ntchito matayala akale a malole omatidwanso mano atsopano chifukwa ndi otsika mtengo. Ubwino wa tayala lopopa ndi woti limafewa. Likasenza katundu limaphwatalala pansi, kulemera kumagawikana pamalo aakulu, ndipo nsanja ikakwera mwala kapena mzere, mpweya umachepetsa kugwedezeka kumene kukanafika ku giyabokosi. Komanso amene amadziwa kumata tayala la thalakitala amathanso kukonza limeneli.

Vuto lake ndi kuphwa. Ziputu za chimanga, minga, waya kapena ming'alu zimatulutsa mpweya, ndipo nthawi zambiri izi zimachitika pakati pa mbewu zotalika pomwe munthu saona. Tayala likaphwa, nsanja yake imatsalira m'mbuyo, paipi imayamba kupindika, ndipo swichi yoteteza makina imazimitsa pivoti yonse. Zikatero antchito amanyamula jeke, thabwa loikapo jekeyo ndi tayala lina n'kulowa nazo m'matope, akuthyola mbewu m'njira. Ngati ndi nthawi imene chimanga chikumasula ngayaye, masiku ochepa opanda madzi amatsitsa zokolola.

Matayala osapopa

Matayala osapopa anapangidwa pofuna kuthetsa vuto limeneli. Ena ndi a pulasitiki yolimba, monga RhinoGator, ndipo amamangidwa pa limu ndi mabawuti. Ena ndi gudumu lachitsulo lovekedwa lamba wa labala, monga NFTrax ya kampani ya Lindsay. Palinso njira yapakati, yodzaza tayala wamba ndi mankhwala amene amauma n'kukhala ngati siponji yolimba, koma tayala lotere limalemera kwambiri.

Tayala losapopa siliphwa ndipo silifuna kuyezedwa mpweya. Izi zimathandiza kwambiri pa esiteti yokhala ndi mapivoti ambiri, pomwe kuyendera tayala lililonse ndi ntchito yaikulu. Koma mtengo wake wogulira nthawi zambiri umaposa wa tayala lopopa. Mitundu yolimba kwambiri sifewa, choncho pamunda wa miyala kugunda konse kumapita ku magiyabokosi ndi ku zitsulo za nsanja. Kumene wogulitsa ali kutali, chitsulo chimodzi chikathyoka mlimi amadikira nthawi yaitali kuti china chifike.

Vuto la ngalande ndi kutitimira

Alimi ambiri amadandaula ndi ngalande zimene matayala amakumba kusiyana ndi kuphwa kwenikweniko. Tayala likaponda nthaka yonyowa limakankhira matope m'mbali, madzi amadikha m'njiramo, ndipo ulendo wotsatira limazama kwambiri mpaka nsanja kutitimira. Izi zimakula pa dothi lamakande ndi pamalo otsika. Ngalandezi zimakokolola nthaka pamalo otsetsereka ndipo zimawononga mathalakitala ndi makina okololera akamazidutsa.

Kukhala lopopa kapena losapopa pakokha sikuthetsa vutoli. Chimene chimathandiza ndi kukula kwa malo amene tayala likuponda, kapangidwe ka mano ake ndi kuuma kwa njira. Tayala lalitali kapena lotambalala limazama pang'ono. Alimi ena amaika timipopi towaza madzi kumbuyo kwa nsanja kuti matayala aziponda pouma, ena amawonjezera tayala lachitatu, ndipo ambiri amakwirira ngalande akatha kukolola. Tayala lopopa mopitirira muyezo nalonso limauma n'kumakumba kwambiri.

Kusankha

Posankha, mlimi amayang'ana mtundu wa dothi, kutsetsereka kwa munda, mbewu imene amalima ndi kupezeka kwa zipangizo zosinthira. Ena amayamba ndi kusintha nsanja zokhazo zimene zimavuta kawirikawiri, zotsalazo n'kuzisiya pa matayala opopa. Kumene matayala amaphwa pafupipafupi ndipo kuima kwa makina kumaluzitsa zambiri, tayala losapopa limabweza ndalama zake. Kumene makina amangotitimira, mlimi ayambe wakonza njira ya matayala ndi kawazidwe ka madzi asanagule tayala la mtundu uliwonse.