Nyumba ya Tsiku Lalikulu: Kucokera ku Mtsiro Kufikira ku Waya

 Madzulo ano tikambe za cinthu cimene mabuku a mbiri sacichula kawiri-kawiri, ndico mwambo wa kukongoletsa nyumba pamene tsiku lalikulu layandikira. Nkhani yathu idzatifikitsa ku Joe Slovo Park, mudzi wa mu mzinda wa Cape Town kumene kuli abale athu ena, koma tiyenera kuyambira kwathu, ndiponso kale ndithu.

M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 amene pa miyala yace pali zithunzi zakale. Zofiira ndizo zakale koposa, ndipo akatswiri ati anazilemba Akafula, anthu osaka nyama amene makolo athu anawapeza m'dzikomo. Zoyera anazilemba Acewa, zina pa cinamwali ca atsikana, zina pa nchito za Nyau. M'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawerengera malowa pamodzi ndi cuma ca dziko lonse lapansi. Alendo akafika pamenepo amazizwa ndi ukale wace, koma cimene cindikhudza ine ndi cakuti utoto wa zithunzizo sunagulidwe. Munthu anakumba dothi loyera, nalisakaniza ndi madzi, nalemba ndi cala cace.

Nzeru yomweyo inali m'midzi. Kudula mitengo, kuimika nyumba ndi kufolera denga inali nchito ya mwamuna, koma kumata ndi kuzira kunali kwa mkazi. Ukayandikira ukwati, kapena mowa waukulu, kapena akamveka mlendo wolemekezeka, mai anali kunyamula dengu kunka kudambo kukakumba mtsiro. Akazira m'nyumba ndi pakhonde, anali kukulungiza pansipo ndi mwala wosalala uja tiucha nkhulungo, kufikira dothi lawala. Kenaka anali kutembenukira ku cipupa. Cofiira anacipeza m'katondo, coyera m'dothi la kumtsinje, cakuda m'makala osinja, cotuwa m'phulusa la pamafuwa. M'munsi analemba mzere waukulu wakuda, umene unali kubisanso madontho a matope a mvula, ndipo pamwamba pace anaika maluwa, nyenyezi, mbalame, monga mtima wace unamuuzira. Mwamuna naye anali kusoka mphasa yatsopano ya bango ndi kuluka licero. Ndalama sinalowepo ngakhale imodzi. Cimene cinalowapo ndi masiku awiri kapena atatu a msana wowawa, ndipo mudzi wonse unali kudziwa mai wakhama poona khonde lace.

Sindinena kuti makolo athu sanadziwe zogula. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pamene panali likulu la Kalonga wa Amaravi, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda ya galasi, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China. Pa Ingombe Ilede, m'cigwa ca Zambezi ku Zambia, anthu okumba anapeza m'caka ca 1960 manda akale okhala ndi mikanda, waya wa mkuwa, ndi zipangizo zosulira wayayo. Koma izi zinali zobvala m'thupi, makamaka za anthu acuma, si za pa cipupa ai. Musungebe mau awiriwa, waya ndi mikanda, pakuti tidzakomana nawonso.

Krisimasi inadza ndi amishoni: ku Magomero mu 1861, ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Mua mu 1902. Pano pali cinthu cimene sitiganizira kawiri-kawiri. Makolo athu anali kuika madyerero ao ambiri m'cilimwe, zokolola ziri m'nkhokwe, manja ali opuma. Tsiku latsopanoli linagwa mu December, mvula iri kugwa, anthu ali kalikiliki ndi kupalira, cimanga ca caka catha ciri kutsika m'nkhokwe, catsopano cisanace. Motero kuyambira paciyambi Krisimasi ya kwathu inali phwando la mwezi wosauka, ndipo cokongoletsa cace cinayenera kukhala cosalira ndalama. Amai anangotenga mwambo wa ukwati nauika pa tsiku la kubadwa kwa Ambuye: anazira, analemba zipupa pamene khonde liziteteza ku mvula, ndipo m'chalichi ana anaimika masamba a nthoci ndi a kanjedza.

M'caka ca 1929 Boma la Nyasaland linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Ku Northern Rhodesia sukulu yotere inali ku Mazabuka, nisamukira ku Chalimbana mu 1939. Ku Southern Rhodesia zinali ku Domboshawa ndi ku Hope Fountain. Ku Domasi mphunzitsi anali kudza ndi mkazi wace nakhala m'mudzi wa citsanzo, ndipo mkaziyo anaphunzira kusoka, kuluka, kulera ana ndi kusamala nyumba, kuti akaphunzitse anzace. Ine ndinaphunzira uphunzitsi, ndipo sindinyoza masukulu; komabe mau ena a nthawi imeneyo anali kumveka ngati amai athu anayamba kudziwa ukhondo atauzidwa ndi Mzungu, cimene nkhulungo ya agogo ikanatsutsa. Cimene masukuluwo anaonjezadi ndi zida: singano, sizasi, ulusi. M'menemo munacokera tinsalu toluka tija toyala pa gome ndi pa mipando. Wailesi yochipa imene Azungu anaicha Saucepan Special cifukwa inaoneka ngati poto, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mapaundi 5, inafalitsa maphunziro a amai kucokera ku Lusaka, ndipo iyonso inasanduka cokongoletsa, yokhala pa gome ndi kansalu kace. Patapita zaka zambiri, pamene ndalama ya Zimbabwe inayamba kufooka, amai a kumeneko ananyamula tinsalu tomweti kukagulitsa khomo ndi khomo ku South Africa, naphunzitsa nato ana ao.

M'makomboni a m'matauni ndi a ku migodi munalibe dambo la mtsiro, ndipo nyumba zinali za kampani kapena za Boma. Pamenepo pepala linalowa m'malo mwa dothi. Mai anali kupinda nyuzipepala yakale, naidula ndi sizasi m'mphepete kuti ituluke mano-mano, naiyala pa alumali ya mbale. Kalendala ya caka catha sinatayidwe ngati inali ndi cithunzi cabwino.

Tsopano tafika ku Joe Slovo Park. Mudziwu uli m'dera la Milnerton, pafupi ndi mafakitale a Montague Gardens. Unamangidwa utatha ulamuliro wa tsankho, kuti alowemo anthu amene anali kukhala m'zisakasa za Marconi Beam, ndipo unachedwa dzina la Joe Slovo, nduna ya za nyumba m'Boma la Nelson Mandela, amene anamwalira mu January 1995. Nyumba zace ndi zazing'ono, ndipo kuseri kwa zambiri kuli tinyumba ta malata ndi matabwa tocita lendi. Mlendo wocokera kutali ndimo ayamba kugona. Pansi ndi mcenga wokhawokha, wosati nkumatira kanthu. Cipupa ca malata sicilandira katondo, ndiponso si cace ca wokhalamo.

Anthu a m'zisakasa za Cape Town anapeza njira yao. Anayamba kumata zipupa zonse m'kati ndi mapepala: a malonda a m'masitolo, kapena otsala a pa zitini, monga a nsomba za Lucky Star, kuwandandalika mwadongosolo kuti cithunzi cimodzi cibwerezedwe kuyambira pansi kufikira kudenga. Wojambula zithunzi Craig Fraser anaonetsa zipinda zotere m'buku lace lochedwa Shack Chic mu 2002, ndipo anthu acuma anazizwa monga azizwa alendo a ku Chongoni. Pepalalo liri ndi nchito ziwiri, monga mzere wakuda uja wa kumudzi: likongoletsa, litsekanso ming'alu, pakuti mu December ku Cape Town kumaomba mphepo yamphamvu ya kum'mwera cakum'mawa, yolowetsa mcenga paliponse. Mai wa kwathu aonjezapo citenje ca pa zenera ndi kansalu koluka yekha. Koma pano pali coopsya cimene cipupa ca dothi cinalibe. Pepala, matabwa, kandulo ndi mphepo zikakomana, moto sutha pa nyumba imodzi, ndipo m'midzi ya zisakasa ya mzindawu mabanja ambiri ataya zao zonse usiku umodzi m'nyengo imeneyi. Amene mwamata mapepala, kandulo muziimika m'botolo lalikulu lokhala ndi mcenga pansi, kutali ndi cipupa.

Nanga waya ndi mikanda zija? Mnyamata ali yense wa kwathu anapangapo galimoto ya waya. Ku Cape Town luso la ubwanali lasanduka nchito ya amuna akulu-akulu, ambiri a ku Zimbabwe, ena a ku Malawi. Apinda waya ndi pulayala, naubveka mikanda ya galasi, ndipo pofika December muwaona pa mphambano za miseu ndi m'misika atanyamula nyenyezi, angelo, ndi mitengo ya milambe imene ogula aimika m'nyumba m'malo mwa mtengo wa Krisimasi wa ku Ulaya. Pano mbiri yatembenuka: kale tinali kukongoletsa nyumba zathu popanda ndalama, lero wopinda wayayo akongoletsa nyumba za ena kuti apeze ndalama. Zimene apeza zambiri sizikhalitsa m'thumba, pakuti December ndiye mwezi umene kumudzi afuna feteleza wobereketsa cimanga, ndipo January adza ndi zofuna za sukulu. Nyenyezi yabwino koposa ipita kwa wogula. M'kanyumba kace apacika yokhota imene yakana kugulidwa.