Pamene mkulu wa asilikali ndiye Nyumba ya Malamulo

Asilikali akalanda boma amathamangira kaye ku wailesi. Ku Nigeria, kumene anthu a mfuti analamulira kuyambira 1966 mpaka 1979, n'kudzabwereranso kumapeto kwa 1983, chilengezo cha m'mamawa chinkachita kudziwikiratu: ndime zina za malamulo oyendetsera dziko zaimitsidwa, Nyumba ya Malamulo yathetsedwa, zipani zaletsedwa. Anthu ambiri ankawomba m'manja, ndipo sitingawadzudzule kwenikweni. Boma la Shehu Shagari, limene Muhammadu Buhari ndi anzake anagwetsa, linali litanunkha ndi katangale.

Koma taonani mmene lamulo limabadwira. Mu demokalase limayamba ngati bilu. Nduna imabwera nayo m'Nyumba, aphungu otsutsa amaikoka uku ndi uku, komiti imaiunika, kenako pulezidenti amasaina. Zimachedwa, ndipo phokoso lake limatopetsa. Kwa asilikali lamulo limatchedwa decree: akuluakulu ochepa a mu Supreme Military Council akangogwirizana, mtsogoleri wasaina, basi yatha. Wopanga lamulo ndi wolamulira dziko amakhala munthu yemweyo.

Decree 4 ya mu 1984 inaletsa kulemba nkhani yonyozetsa boma kapena akuluakulu ake. Atolankhani awiri a nyuzipepala ya The Guardian ya ku Lagos, Tunde Thompson ndi Nduka Irabor, anawagamula kukakhala kundende chaka chimodzi chifukwa cha nkhani ya anthu amene boma linkafuna kuwatumiza kukakhala akazembe. Decree 2 ya chaka chomwecho inkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Panalinso malamulo obwerera m'mbuyo, ogwira munthu pa zimene anachita lamulolo lisanalembedwe. Mu 1985 amuna atatu anawomberedwa pa milandu ya mankhwala ozunguza bongo pansi pa decree yotereyi.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kandime kamene maloya amati ouster clause. Kamakhala chakumapeto kwa decree, ndipo kamangoti palibe khoti limene lingamve dandaulo pa lamuloli. Oweruza amakhalapo ndithu, mikanjo yawo atavala, koma khomo lolowera kwa iwo latsekedwa. Mu 1970, pa mlandu wa Lakanmi, Khoti Lalikulu linayesa kuuza boma la Yakubu Gowon kuti silingalande katundu wa munthu ndi decree. Pasanathe nthawi kunatuluka Decree 28, yofafaniza chigamulocho. M'malo mwa makhoti a masiku onse, milandu yovuta inkapita ku mabwalo apadera okhala ndi msilikali pakati pa oweruza. Bwalo lotere ndi limene linagamula Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu a mtundu wa Ogoni. Apilo kunalibe. Ananyongedwa pa 10 November 1995, mu ulamuliro wa Sani Abacha.

Ngakhale kuthetsa chisankho kumasiyana malinga ndi amene wachithetsa. Ibrahim Babangida anafafaniza chisankho cha pa 12 June 1993, chimene Moshood Abiola ankatsogola, ndi chilengezo chabe. Abiola anadzafera m'manja mwa boma mu 1998. Kuno ku Malawi, oweruza asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti cha mu 2019 atamva mboni kwa miyezi, nawerenga zifukwa zawo dziko lonse likumvera pa wailesi. Wogonja pa mlanduwo anachita apilo, ndipo anthu anakavotanso.

Asilikali a ku Nigeria anabwerera ku baraki mu 1999, ngakhale ena anangovula yunifolomu n'kulowa zipani. Olusegun Obasanjo, amene analamulirapo ngati msilikali, ndiye anapambana chisankho cha chaka chimenecho. Buhari anapikisana mu 2003, 2007 ndi 2011, nagonja maulendo onse atatu, ndipo ulendo uliwonse dandaulo la mbali yake linkapita kukhoti. Anadzapambana mu 2015.