Mudzi wa Bo-Kaap ndi Nyumba Zazitali

Mu mzinda wa Cape Town, ku South Africa, muli mudzi wakale dzina lake Bo-Kaap. Mudziwu uli m'mbali mwa phiri la Signal Hill, chakumtunda kwa masitolo ndi maofesi a mzindawo. Nyumba zake ndi zazing'ono, zogundana khoma ndi khoma, ndiponso zopakidwa utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Misewu yake ina ndi yoyalidwa miyala.

Azungu a ku Holland anafika ku Cape pa chaka cha 1652, ndipo anabweretsa akapolo ochokera ku Indonesia, ku India, ku Madagascar ndi ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1760 munthu wina, dzina lake Jan de Waal, anamanga tinyumba tobwereketsa m'mbali mwa phirilo. Ichi ndicho chiyambi cha Bo-Kaap. Pa chaka cha 1794 unakhazikitsidwa mzikiti wa Auwal, umene uli woyamba m'dziko lonselo. Mtsogoleri wake anali Tuan Guru, amene adakhala m'ndende pa chilumba cha Robben Island nalemba Korani kuchokera pamtima. Iye anaikidwa m'manda a Tana Baru, pamwamba pa mudziwo. Ukapolo utathetsedwa pa chaka cha 1834, omasulidwa ambiri anadzakhala kumeneko. Ambiri a iwo anali Asilamu, ndipo ntchito zawo zinali kumanga nyumba, kupala matabwa ndi kusoka zovala.

M'masiku a tsankho Boma linagawa malo okhala potsata khungu la munthu. Pa chaka cha 1957 linalamula kuti Bo-Kaap akhale wa anthu otchedwa Amalay. Mudzi woyandikana nawo wa District Six unaona tsoka. Pa chaka cha 1966 Boma linati malowo ndi a Azungu okha, ndipo anthu pafupifupi 60,000 anasamutsidwa, nyumba zawo nizigumulidwa. Bo-Kaap anapulumuka.

Koma lamulo logawa malo litafafanizidwa pa chaka cha 1991, panabuka vuto lina. Tsopano aliyense wa ndalama anali ndi ufulu wogula nyumba m'mudzimo. Popeza malowo ndi okongola ndiponso ali pafupi ndi pakati pa mzinda, olemera anawasirira. Mitengo ya nyumba inakwera. Msonkho wa nyumba umene mzinda umatolera umatsata mtengo wa nyumbayo, motero nawonso unakwera. Nkhalamba zina zimene zinabadwira momwemo zinalephera kulipira, ndipo zinagulitsa nyumba za makolo awo.

Pambuyo pake anafika makampani ofuna kumanga nyumba zazitali zosanjikizana, zimene amati mafulati, m'mene mabanja ambiri amakhala ena pamwamba pa anzawo. Omangawo ankati mzinda ukukula ndipo ukusowa malo ogona anthu pafupi ndi ntchito. Mawuwa anali ndi nzeru yake. Koma eni mudzi anafunsa kuti, kodi nyumbazo adzagonamo ndani, popeza ana a m'mudzimo sakadatha kuzigula? Anadandaulanso kuti zidzatchinga dzuwa, zidzadzaza timisewu tawo ndi magalimoto, ndipo zidzakwezanso msonkho.

Pa chaka cha 2018 mkwiyo unafika posefukira. M'mwezi wa Ramadan achinyamata anatentha matayala m'misewu. Tsiku lina madzulo anthu ochuluka anayala zakudya pakati pa msewu wa Wale Street namasulira pamodzi kusala kwawo, kuti onse aone kuti mudziwo uli ndi eni ake. M'mwezi wa November anthu, pamodzi ndi amayi okalamba, anaima pamsewu kutsekereza chimakina chonyamulira katundu m'mwamba, chimene chinkapita kukamanga mafulati ku Lion Street. Apolisi anawabalalitsa ndi mabomba a phokoso, ndipo ena anamangidwa.

Eni mudzi sanapambane pa zonse. Mafulati a ku Lion Street anamangidwabe. Bungwe lawo, la Bo-Kaap Civic and Ratepayers Association, linasumira akuluakulu a mzinda chifukwa chololeza chinyumba china chachitali m'malire a mudziwo, koma pa chaka cha 2020 bwalo la apilo linakana dandaulo lawo.

Komabe kulira kwawo kunamveka. M'mwezi wa March 1919 kunalibe lamulo lotere, koma patapita zaka zana limodzi, mu March 2019, khonsolo ya mzinda inavomereza lamulo loteteza mudziwo. Lamulolo likuti wofuna kugumula, kusintha kapena kumanga nyumba m'mudzimo ayambe wapempha chilolezo, ndipo opereka chilolezo aganizire mbiri ya malowo. Chaka chomwecho nduna ya za chikhalidwe, Nathi Mthethwa, inalengeza kuti malo 19 a m'mudzimo ndi chuma cha dziko lonse, ndipo mzikiti wa Auwal ndi manda a Tana Baru anali mwa malowo.

Akale adati mutu umodzi susenza denga. Anthu a ku Bo-Kaap akadadandaula aliyense m'nyumba mwake, palibe akadawamva. Koma lamulo limene anapeza limateteza makoma, silichepetsa msonkho kapena mitengo ya nyumba. Makoma angathe kuima zaka zambiri, koma zidzukulu za amene anawamanga zikasamuka zonse, mudzi wa Bo-Kaap udzatsala dzina lokha.