Pepala lotsegula chitseko ku Joni

Agogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela ankaudziwa mwala. Ankadziwa poboola, ankamva thanthwe likayamba kulira. Koma satifiketi yophulitsira miyala sankaloledwa kukhala nayo. Lamulo la migodi la 1911 linatsegula njira yosungira azungu ntchito zapamwamba, ndipo munthu wakuda anamanidwa pepalalo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Wopanda pepala ankathera pa ukapitawo, ngakhale atakalambira pansi pa mgodi.

Lero mdzukulu wodziwa makompyuta akafika mumzinda womwewo amapeza pepala lina likumudikira. Mabanki ndi makampani a ku Sandton akamalemba anthu oyendetsa ntchito zopanga mapulogalamu, kawirikawiri amafunsa za Agile.

Dzinali linakhazikika mu February 2001, pamene akatswiri 17 anakumana ku Snowbird, m'dera la Utah ku America. Anali atatopa ndi mapulani a zaka zingapo amene ankatha ntchito ikuchedwa, ndalama zitapitirira, mwini wake atasintha kale maganizo. Anagwirizana zoti ntchito izidulidwa m'zigawo zazifupi, mwini wake aziona chimene chatheka msanga, ndipo gulu lizikonza njira likuyenda.

Njira yotchuka kwambiri pa kagwiridwe aka ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza pagulu mu 1995. Dzinalo linachokera ku rugby, pamene osewera amakolowekana mapewa n'kukankha pamodzi. Anthu a ku Joni safuna kuuzidwa zimenezi: chaka chomwecho timu ya dziko lawo inatenga chikho cha dziko lonse pabwalo la Ellis Park. Mu Scrum, gulu laling'ono limagwira chigawo chosapitirira mwezi, n'kumakumana mphindi 15 tsiku lililonse.

Ku Johannesburg maganizowa anapeza malo pa yunivesite ya Wits, kumene bungwe la Joburg Centre for Software Engineering, lotsogozedwa ndi malemu Pulofesa Barry Dwolatzky, linkachititsa misonkhano ya Agile Africa.

Nanga pepala lija? Satifiketi yoyambira ya bungwe la Scrum Alliance imapezeka pakatha maphunziro a masiku awiri ndi mayeso a pa intaneti. Palibe amene amafunsa za khungu. Chimene chimasefa anthu ndi ndalama zolipirira ndi Chingerezi. Mlendo amene akutumiza theka la malipiro ku Mzimba kapena ku Mangochi amaganiza kawiri asanalembetse.

Akalipira, zimene akamve m'kalasimo si zachilendo kwenikweni: mutu umodzi susenza denga, ndipo wogwira ntchito ndiye amadziwa pamene yavuta. Agogo ake ankazidziwa zimenezi mumdima wa mgodi, koma palibe anawasainira. Iye atha kutenga pepalalo, ndipo alitenge. Luso lenilenilo adzalipeza pa gulu, Lolemba m'mawa, pulani ikasokonekera.