Chiyambi cha thandizo la boma kwa anthu olumala ku Chifunda

Kwa mfumu Chifunda m'boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, munthu wolumala kale ankasamalidwa ndi abale ake okha, omwe ankamulimira munda, kumutungira madzi ndi kumutolera nkhuni, popeza boma linalibe njira yokhazikika yofikira midzi yakutali chotere. Ndondomeko ya Social Cash Transfer, yomwe ndi ndalama zoperekedwa kwa mabanja osauka popanda kubweza, inayambira ku Kalomo m'chaka cha 2003, ndipo inafalikira pang'onopang'ono mpaka kufika m'maboma onse a dziko la Zambia. Lamulo loteteza ufulu wa anthu olumala la 2012 linalimbitsa udindo wa boma, ndipo banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri linkalandira ndalama zowirikiza kawiri, moti mu 2022 linkapatsidwa K400 pamwezi pamene ena ankalandira K200. Koma boma litasiya kuthandizira pa mtengo wa mafuta a galimoto mu Disembala 2021, kenaka chilala cha 2024 n'kukweza mtengo wa chimanga, mphamvu ya ndalamayi inachepa, makamaka kumadera ngati Chifunda kumene misewu imavuta nthawi ya dzinja ndipo katundu amafika atakwera kale mtengo. Thandizoli liyenera kumakwezedwa molingana ndi mitengo ya zinthu.